Mzuli wa pa Maliro a Nuria

Chelstone, Lusaka
4 Malichi 2025

Ababa,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino ku Namwerako, ndipo kusala kwa Ramadani sikukudzutsa mutu wanu uja. Ine kuno ndili bwino, Alihamudulila. Anzanga amandiseka akandiona ndikulemba kalata ya pamanja ngati nkhalamba. Ndimawauza kuti makutu a bambo anga anadyedwa ndi makina osokera a ku Kamwala, foni kwa iwo ndi yolemeretsa thumba chabe. Msuweni Bilal anyamuka Lachisanu ndi zitenje zake, ndiye ndamupatsira singano za makina zimene munapempha, nambala 16, mapaketi awiri.

Ntchito ija ndaipeza. Ndili m'gulu lofalitsa nkhani za kampeni ya a Kabamba Chishimba, amene akufuna kuti chipani chawo chiwasankhe kukaimira pa upulezidenti. Nthumwi za chipani zidzavota pa 31 Meyi. Ofesi yathu ndi nyumba ya mpanda wautali ku Kabulonga. Tilimo achinyamata khumi ndi awiri, aliyense ndi mafoni atatu kapena anayi, ndipo bwana wathu ndi a Jason Mulubwa. Ine gawo langa ndi loimba foni ku wailesi m'mawa, pa pulogalamu imene anthu amanena maganizo awo. Lolemba ndimakhala Monalisa wa ku Avondale, mayi wa ana atatu. Lachitatu ndine Pearl wa ku Woodlands, wamalonda. Musakwinye nkhope, Ababa, ndikukuonani. Onse amachita zomwezi.

Chimene chikundidya mtima ndi ichi: amene akupikisana ndi a Chishimba ndi Mathias Kalenga. Inde, Mathias wathu wa ku Kabwata, mwana wa amayi Regina. Sabata yatha tinali pa msonkhano wofufuza pomubaya, wina n'kunena kuti Mathias ndi munthu wouma mtima, amangodziwa anthu a masuti. Ine magazi anawira. Ndinawauza kuti munthu ameneyu, Mkatolika weniweni, ananyamula jeneza, chonyamulira maliro a mayi anga, atavala mzuli kumutu. Onse anaseka kuti ndikunama. A Jason okha ndiwo sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Uli na photo?"

Ndiye ndikupemphani chithunzi chija cha m'sutikesi yanu. Ndikufuna awone kuti sindinama. Komanso, kunena zoona, ndawasowa Amayi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ife akazi sitipita kumanda, choncho ulendo wawo womaliza sindinauone ndi maso anga. Munandionetsa kamodzi kokha n'kuchitsekeranso.

Mundiuze za mvula ndi za bondo lanu.

Mwana wanu,
Hadiya


Namwera, Mangochi
19 Malichi 2025

Mwana wanga Hadiya,

Wa alaikumu salamu. Singano zafika. Bondo likadali ndi nkhani zake koma ku mzikiti ndikufika. Chimanga chacha, ngakhale mbozi zinatilawira.

Dzina lako tinalisankha ndi mayi ako titadikira mwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndiye lero ndikumva kuti walichepetsa, wawonjezera ena awiri. Akulu amati mapanga awiri avumbwitsa. Iwe uli nawo atatu, tiona mvula ikadzabwera. Koma sindikudzudzula kwambiri, chifukwa pempho lako landisangalatsa. Ndinkaganiza kuti Lusaka anakuiwalitsa mayi ako.

Popeza wakula, imva nkhani ya chithunzichi. Regina anali namwino, masiku ambiri ankachoka m'bandakucha. Mathias analeredwa pakhomo pathu kuyambira akukwawa. Mayi ako Nuria ankamutchula kuti mwana wake woyamba, ndipo yunifomu yake iliyonse, kuyambira giredi wani, inatuluka m'makina anga. Tsiku la maliro anafika kuchokera ku Kitwe thupi likusambitsidwa. Anapita kwa shehe kukafunsa ngati Mkhristu angaloledwe kunyamula nawo. Shehe anati phewa ndi phewa, koma avale kanthu kumutu. Tinamuyesa mizuli inayi, yonse inangokhala pamwamba ngati chivundikiro cha poto. Mutu wa mwana ameneuja si wamasewera. Ndinatenga chingwe, ndinamuyeza, ndinamanga mfundo, n'kukhala pa makina. Nsalu inali yotsala pa nsanda ya mayi ako, yoyera imene tinawakulungira. Anthu anadabwa kumva makina akulira m'nyumba ya maliro, koma manja anga ankafuna chogwira.

Tsono mwambo wathu ukuudziwa: jeneza timalandirana. Unyamula mapazi ochepa, upatsa mnzako, kuti aliyense apezepo madalitso. Mathias sankadziwa zimenezo. Iye ankaganiza kuti kusiya ndi kunyoza. Anthu akabwera kuti amulandire, iye n'kumakanirira, misozi ili chuchuchu, kuchokera kunyumba mpaka pafupi ndi mzikiti. Amalume ako anayamba kung'ung'udza kuti Mkatolika amaliza yekha madalitso. Ndinapita n'kumugwira paphewa, ndinati, "Siya, mwana wanga, ena alandireko." Pomwepo ndi pamene wojambula wa pamsika wa Kabwata anatijambula, popanda womutuma. Ndinakwiya naye kwambiri. Chithunzicho ndinachigula kuti chisakapachikidwe pa thabwa lake pakati pa zithunzi za maukwati, anthu odutsa n'kumachiloza.

Ndachikulunga m'nsalu, chili m'thumba la mkati la jekete la Bilal. Ndi chimodzi chokha, ubweze ukachiona mokwanira. Anzakowo ukawaonetse ndithu, adziwe kuti amene akumufufuzayo ndi munthu. Ukakumana ndi Regina umupatse moni, umuuze kuti lumo langa limene anabwereka mu 1994 ndikulikumbukirabe.

Bambo ako,
Omali


Chelstone, Lusaka
2 Epulo 2025

Ababa,

Asalamu alaikumu, ndi Idi yabwino ngakhale yadutsa. Chithunzi chafika bwino. Ndinachiika patebulo n'kuchiyang'ana mpaka tiyi anazizira. Sindinkadziwa za nsanda ija. Ndalira.

Ndinapita nacho ku ofesi tsiku limodzi lokha. Palibe anasekanso. A Jason akuti a Chishimba akapambana, ine ndidzakhala mu ofesi ya mneneri wa chipani, ndi desiki yangayanga. Ntchito yachuluka zedi, ndiye mundikhululukire kufupika kwa kalata. Kwa amayi Regina sindinapitebe. Chithunzi ndibweza ulendo wina wa Bilal.

Hadiya


Namwera
26 Epulo 2025

Kwa Monalisa wa ku Avondale, kapena Pearl wa ku Woodlands, amene alipo lero,

Dzulo titatuluka mu mzikiti ku mapemphero a Juma, mphunzitsi wina amene ali ndi abale ku Chipata anandiimitsa pakhomo. Anati, "A Omali, si inu awa?" Anandionetsa foni. Ndinadziona ndekha, mutu wanga atauzunguliza ndi mzere wofiira, dzanja langa lili paphewa la Mathias. Pansi pake panali mawu a Chingerezi. Ndinamupempha andiwerengere. Ukudziwa makutu anga, anayamba motsitsa koma sindinamve, mpaka anachita kukuwa, mzikiti wonse ukuvala nsapato pomwepo. Akuti: bambo ake enieni a Mathias Kalenga ndani? Kodi si telala uyu wa ku Malawi? N'chifukwa chiyani akubisa chipembedzo chake ndi kwawo?

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndinakhala khomo ndi khomo ndi malemu Emmanuel Kalenga, bambo ake a Mathias. Anandibwereka njinga, ndinamusokera suti imene anaikidwa nayo. Lero ndasanduka wakuba m'nyumba mwake, ndipo Regina, mayi wa zaka 76, wavulidwa pamsika.

Koma si zimenezo zimene zandilanda tulo. Ndinatenga foni ija n'kuiyandikiza kumaso, kufunafuna jeneza. Palibe. Dzanja la Mathias lili m'mwamba, lagwira mphepo. Mwamudula Nuria. Pa maliro ake omwe, mwamuchotsapo kuti bodza likwane bwino.

Ndinagula chithunzi chija kuti anthu odutsa asamachiloze. Ndachisunga zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, njenjete sizinachikhudze. Ndinachipereka kwa mwana wanga amene anati wasowa mayi ake.

Undibwezere. Ndipo undiuze chinthu chimodzi, usandinamize: lumo linali m'manja mwako?

Omali


Chelstone, Lusaka
9 Meyi 2025

Ababa,

Asalamu alaikumu, ngakhale inu simunandipatse. Bilal anachedwa pa chipata cha malire cha Mwami ndi katundu, ndiye kalata yanu ndailandira dzana. Ndaiwerenga kasanu. Ndiyankha funso lanu monga mwapempha.

Lumo silinali m'manja mwanga. Tsiku limene ndinapita nacho ku ofesi, a Jason anachitenga kuti akachione powala, n'kuchijambula ndi foni. Koma ndikanena kuti sindinadziwe, ndinama. Ndinaona maso awo tsiku lija anafunsa za chithunzi, ndisanakulembereni n'komwe. Ndinadziwa kuti munthu ameneuja safunsa chinthu chifukwa cha chifundo. Ndinadziuza kuti chithunzi cha maliro palibe angachipotoze, ndipo ndinadziuza choncho chifukwa ndinkafuna desiki ija. Zoti ndawasowa Amayi zinali zoona, Ababa, koma ndinaziika patsogolo kuti mutsegule sutikesi.

Anachisunga milungu itatu. Anachitulutsa dala Lolemba la Pasaka, anthu mitima ili ku tchalitchi, pa tsamba la pa intaneti lopanda mwini. Pasanathe ola, mafoni athu onse makumi anayi anali atachimwaza, iliyonse ndi dzina lake. Ndinalowa mu ofesi yawo. Ndinati, "Ba Jason, iyi ni photo ya malilo ya amai banga." Anandiyankha akudya chingwa, "Manje vuto ili pati? Ise sitinanamepo. Tifunsa chabe ma-question, bantu bazaziyankha beka." Kenaka anandikumbutsa pepala limene ndinasaina polowa ntchito, loti ndikaulula za mu ofesi ndidzaonana ndi maloya.

Lachiwiri anzanga anaimba ku mawailesi. Lachitatu nyuzipepala ina inalemba kuti "anthu akufunsa", pamene anthuwo ndi ife khumi ndi awiri. Lachinayi a Chishimba anaitana atolankhani, nkhope ili yachisoni, n'kunena kuti akudzudzula onse onyoza mayi wokalamba, koma dziko lili ndi ufulu wodziwa. Potero anaibwereza nkhani yonse katatu, manja awo ali oyera. Loweruka m'mawa, pa zitseko za mashopu atatu a anthu athu ku Kamwala panapezeka palembedwa ndi penti kuti abwerere kwawo. Imodzi ndi shopu yanu yakale.

Pali china chimene simukuchidziwa. Lolemba lotsatira a Jason anandipatsa pepala la mawu oti ndinene pa wailesi, n'kukhala pambali panga. Ndinaimba. Monalisa wa ku Avondale anafunsa dziko lonse kuti, ngati a Kalenga alibe chobisa, bwanji sakuyankha? Mawu anatuluka bwinobwino, osagwedera. Ndikudana nawo mawu anga.

Mathias anayankha kamodzi kokha, pa kanema. Ndamva kuti alangizi ake anamuuza anene kuti chithunzicho n'chopangidwa ndi kompyuta, iye anakana. Anati, "Chithunzicho ndi changa. Mzuliwo ndi wanga. Tsiku limenelo ndinali pa maliro a munthu amene sindimulowetsa m'ndale." Ku ofesi anadula chiganizo chachitatu, n'kumwaza ziwiri zoyambazo. A Jason anaimba m'manja kuti, "Avomela yeka!" Nthumwi za m'zigawo ziwiri zimene zinali zake zatembenuka.

Chithunzi sindinamupatse Bilal. Musandifunse chifukwa, inenso sindikudziwa bwino. Ku ntchito ndikupitabe, chifukwa ndikuopa. Sindikupempha kuti mundikhululukire. Ndikungopempha kuti mundilembere, ngakhale mzere umodzi, ndi dzina langa.

Hadiya


Kabwata, Lusaka
13 Meyi 2025

A Omali, atate ake a Hadiya,

Moni wa Ambuye ukhale nanu, kapena ndinene kuti moni achibwenzi, popeza dziko lonse latikwatitsa. Ndadikira zaka 76 kuti nyuzipepala indilembe, ndiye yandipatsa mwamuna wogontha wokhala dziko lina. Ndiponso inu, amene poyeza mzimayi m'chiuno munkayang'ana kudenga n'kuitana Nuria kuti adzagwire tepi. Emmanuel kumene aliko waseka mpaka kutsokomola.

Ndikuseka chifukwa kulira ndinamaliza. Sabata ya Pasaka itatha ndinapita ku Misa, amayi anzanga a gulu la Anna Woyera, amene ndaimba nawo zaka makumi anayi, anasendera pabenchi kundisiyira malo okwana anthu atatu. Wina anandinong'oneza kuti, "Ba Regina, tikupemphelelani." Ndinamufunsa kuti akupempherera chiyani, iye n'kutembenukira kuguwa. Zimenezo zinandipweteka kuposa nyuzipepala.

Ndikulemberani chifukwa cha mwana wanu. Anabwera Lamulungu masana, atawonda ngati wadwala malungo. Anagwada pakhonde n'kuulula zonse, za wailesi zomwe. Sindikubisirani, ndinamusiya agwade mpaka madzi a tiyi atawira, ndipo mbaula yanga ndi yochedwa. Kenaka anatulutsa chithunzi m'kansalu kanu kaja. Nditamuona Nuria ali pamapewa a anthu, mkwiyo unandithawa m'manja. Mwanayu ndinamulandira ndine pobadwa, a Omali. Ndikanamutaya kuti?

Ine nzeru zanga zinali zoti tichisindikize pa zitenje, monga amachitira a ndale, amayi a ku Kamwala ndi a ku tchalitchi avale dziko lione. Hadiya anakana kuti chitenje anthu amakhalira, sangalole jeneza ya mayi ake ikhale pansi pa munthu. Ndinaona kuti mwalera. Tinaitana Mathias. Anafika, anachiyang'ana, sanamulankhule Hadiya ngakhale liwu limodzi. Kwa ine anati sapempha mavoti ndi maliro a amayi Nuria, ngakhale zitatanthauza kuluza. Ndinamuuza kuti ndi mutu wouma umenewu, mwina anyuzi akunena zoona, anatengera inu.

Hadiya sindinamuuze chochita. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma ku Chelstone ndamuchotsako, akugona kuno m'chipinda chimene chinali cha Mathias, ndipo tsiku lililonse akufunsa ngati Bilal wabwera ndi kalata. Mulembereni. Mkwiyo wanu ndi woyenera, koma mwana muli naye mmodzi, ndipo munamudikira nthawi yaitali.

Lumo lanu lili pano ndipo likudulabe. Mukalifuna mudzalitenge nokha, anthu aonenso cholemba.

Mnansi wanu,
Regina Kalenga


Kabwata, Lusaka
3 Juni 2025

Ababa,

Asalamu alaikumu. Bilal wabwera kawiri chimanjamanja, ndiye ndamva yankho lanu. Ndikulembabe, kuti zimene zachitika muzimve kwa ine, osati pakhomo la mzikiti.

Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti nthumwi zivote, ndinaimba ku wailesi ija ndili pakhonde la amayi Regina. Ndinagwiritsa foni yangayanga. Ndinati, "Ndine Hadiya Omali, wa ku Kabwata. Telala wa pachithunzi uja ndi bambo anga." Muulutsi anandidula. Anati, "Imani poyamba. Iyi voice naiziba. Si ndimwe ba Monalisa ba ku Avondale?" Mvula ija munanena inandipeza pamenepo, Ababa, ndili pamtetete. Mtima unati ndidule foni. Amayi Regina anali chikhalire akusankha nyemba, osandiyang'ana n'komwe.

Ndinavomera. Ndinati Monalisa ndine, Pearl wa ku Woodlands ndinenso, ana atatu aja kulibe, ndipo malonda sindinachitepo. Ndinafotokoza za mafoni makumi anayi. Kenaka ndinanena nkhani yanu monga munandilembera: za mizuli inayi, za chingwe, za nsanda, za Mkatolika amene sankadziwa kuti jeneza amalandirana. Muulutsi anandisiya ndilankhule mphindi zisanu ndi ziwiri osandidula. Nditamaliza ndinaika chithunzi chonse pa tsamba langa, ndi dzina langa, Amayi ali pakati pomwe. Mathias sindinamupemphe chilolezo. Maliro ndi a mayi anga, ndipo amene anawachotsapo ndi ife.

Ndikanakonda kukuuzani kuti choonadi chinapambana. Pofika masana anzanga aja anali atamwaza kale kuti wabodza wavomera yekha, ndiye mumukhulupirira bwanji lero, a Kalenga amugula. Ndinkazindikira ngakhale amene walemba uthenga uliwonse, chifukwa ena ndinawaphunzitsa ndine. Anthu ena anakhulupirira ine, ena iwo. Loweruka nthumwi zinavota ku Lilayi, ndipo Mathias analuza ndi mavoti 23 pa anthu oposa chikwi. Ndawerengera masiku kuyambira Lolemba la Pasaka mpaka Lachinayi lija, ndi 38. Ndikanaimba tsiku loyamba, mwina bwenzi tikunena zina. Madzi akatayika saoleka. Ntchito yatha, kalata ya maloya yafika, ndipo amayi Regina aiika pansi pa mphika wa maluwa kuti isauluke.

Ku tchalitchi akuti benchi inadzazanso. Penti ya ku Kamwala anaifufuta ndi anyamata a kwaya.

Lamulungu, atatuluka ku Misa, Mathias anabwera yekha, popanda omuperekeza. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira. Anangondifunsa ngati Bilal alipo, chifukwa akufuna munthu womulondolera manda a Amayi. Tinapita anayi. Pachipata anatulutsa m'thumba la jekete mzuli uja, Ababa. Wasanduka wachikasu, koma ulusi wanu sunasomoke paliponse. Anauvala, unakana kulowa, anachita kuukanikiza ndi manja awiri. Anandiyang'ana koyamba n'kunena kuti, "Mlongo wanga, zanditsalira ndi izi: mutu waukulu ndi nthawi yambiri." Anatero akuseka, koma maso anali ofiira.

Iye ndi Bilal analowa. Ine ndi amayi Regina tinatsala pachipata, monga mwa mwambo wathu. Anakhalako pafupifupi ola. Sindingakutumizireni chithunzi cha tsiku limenelo, chifukwa foni ndinaisiya kunyumba.

Chanu chija ndi ichi, m'kansalu komwe kaja. Ndachiona mokwanira.

Mwana wanu, ngati mundilola,
Hadiya


Namwera
17 Juni 2025

Hadiya, mwana wa Nuria,

Wa alaikumu salamu, ya lero ndi ya makalata awiri amene sindinayankhe.

Mphunzitsi uja anandiimitsanso pakhomo la mzikiti. Mawu ako a pa wailesi anafika mpaka kuno. Ndinamuuza kuti poti zoipa zija anakuwa, izinso akuwe chimodzimodzi. Anakuwa mphindi zisanu ndi ziwiri, anthu atagwira nsapato m'manja. Atafika pa Mkatolika wokanirira jeneza, shehe wathu anaseka mpaka kukhala pansi. Ine sindinaseke. Ndinali ndikumva dzina limene tinasankha ndi mayi ako likutchulidwa pagulu ndi mwini wake.

Unachedwa, ndipo Mathias walipira kuchedwa kwako. Zimenezo sindikuchotsera, uzinyamula. Inenso ndinachedwa. Ndinakulembera katatu n'kung'amba, pamene iwe unkafunsa Bilal tsiku lililonse. Regina ananena zoona, koma usamuuze.

Chithunzi ndakubwezera. Ndi chako tsopano. Ine ndinalipo tsiku lija, ndili nacho chonse m'mutu, ndipo m'menemo lumo silifika.

Mu envulopu muno mulinso chingwe. Upite nacho kwa mchimwene wako Mathias, umuzungulize pamwamba pa makutu, usakoke kwambiri, umange mfundo pamene chakumana. Nsalu yoyera ndagula kale ndipo singano zako zilipo. Koma chingwecho usamupatsire Bilal. Ubwere nacho wekha.

Bambo ako,
Omali